Wa kabichi wanditcha "dear"

Loweruka lapitali banja langa linagwedezeka chifukwa cha mawu amodzi a Chingerezi.

Amake Tadala angokwanitsa miyezi itatu chifikireni muno mu London. Ine ndinatsogola zaka zinayi zapitazo kudzaphunzira, iwo n'kutsala ku Ntcheu ndi mwana. Ndiye tsikulo tinakwera basi ku Ilford kupita kumsika wa ku Romford kuti ndikawaonetse komwe ndimagula zamasamba. Pabenchi yomwe ndinazolowera pamagulitsa mayi wina wachizungu, wamawu ngati kondakitala. Atandipatsira kabichi, anamwetulira n'kunena kuti, "There you go, dear. See you next week."

Pobwerera amake Tadala maso anali pawindo njira yonse. Titalowa m'nyumba anatseka chitseko cha kukhitchini kuti mwana asamve.

"Bambo a Tadala, diya uja munayamba naye liti?"

"Diya wake uti?"

"Wa kabichi. Zaka zinayi zonsezi ine ndimati muli pasukulu. Mpaka kupangana za sabata yamawa ine ndili pomwepo?"

Ndinaseka. Abale anga, pa nthawi ngati imeneyo musadzaseke. Chakudya chamadzulo ndinadya ndekha.

Koma musawaweruze. Kwathu mawu amenewa tinawadziwira m'makalata a chibwenzi, aja tinkapatsirana mobisa kusekondale. Mnyamata akafika polemba "my dear", ndiye kuti mtima wagweratu m'mbuna. Nanga munthu n'kumva bwanji mkazi wachilendo akuwaponyera mwamuna wake masana dzuwa likuswa mtengo?

Lamulungu ndinayamba kusonkhanitsa umboni. Ndinatulutsa kalata ya mwini nyumba yomwe imayamba ndi "Dear Mr Kamwendo", kenako n'kutiopseza kuti tikapitiriza kukazinga nsomba zouma atitulutsa, ati fungo likudzaza masitepe onse. "Kodi ameneyunso ndi chibwenzi changa?" ndinafunsa. Ndinawakumbutsanso za gogo wa nyumba yoyandikana nafe, yemwe anakuwa kuti "Oh dear!" tsiku lomwe Tadala anagwa pakhomo. Apo mawuwo akutanthauza kuti "mayo ine". Ndiponso kumsika komweko tinamva nkhalamba ikubweza tomato, ati ndi "too dear", kutanthauza kuti wakwera mtengo.

"Mawu amodzi angagwire ntchito zonsezo?" anatero amake Tadala. "Mwaphunziradi, bambo. Mpaka bodza lanu lili ndi digiri."

Lolemba pa nthawi yopuma ndinathamangira kulaibulale kukatsegula dikishonale yaikulu, ija yofuna manja awiri. Ndinapeza kuti kalekale mawuwa ankanena za chinthu chamtengo wapatali, chomwe munthu safuna kuchitaya. Kuchokera pamenepo anagawika pawiri: chomwe umachikonda, ndi chomwe chimakupweteka m'thumba. Ngakhale "darling" anaphukira pa tsinde lomwelo. Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti Mabunu ali ndi mbale wake wa mawuwa, "duur", ndipo zikuoneka kuti ndi yemwe agogo athu anabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Joni, ife n'kumati katundu "wadula". Ndiye mayi wa pa Lizulu akamadandaula kuti feteleza wadula, akutchula msuweni wake wa diya osadziwa.

Ndinafika kunyumba ndi nkhani imeneyi ngati mlenje wapha njati. Amake Tadala anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Chabwino. Lachitatu ndipitako ndekha."

Anapitadi. Aka kanali koyamba kukwera basi okha muno. Ndinawapeza madzulo akusenda anyezi, nkhope ikulimbana ndi kumwetulira.

"Mayi uja ndi wosokonekera," anatero. "Inenso wanditcha diya. Wapolisi, diya. Mwamuna wina wopanda mano, diya. Ndinaima pambali kwa theka la ola, ndinawerenga madiya mpaka kutopa."

"Ndiye mlandu watha?"

"Umenewo watha." Anaika mpeni pansi. "Koma pali wina. Mzungu wosandidziwa n'komwe wanditchula mawu okoma lero. Inu munanditchula liti?"

Apa dikishonale sinandithandize.

Tinene zoona, amuna anzanga. Timawaseka Angerezi kuti amamwaza mawu achikondi ngati chimanga cha nkhuku, chonsecho munthu woyandikana naye nyumba amatha chaka osamudziwa dzina. N'zoona, ndipo n'zoseketsa. Koma ife bwanji? Mawu okoma tinawatsekera m'sutikesi limodzi ndi suti ya ukwati. Mkazi timamuitana ndi dzina la mwana, ngati iye alibe lake. Tikafuna kumuyamikira timati, "Ndiwozi lero zapsa bwino." Ena mpaka amangokhosomola, mkazi n'kudziwa kuti akuitanidwa. Timati chikondi chimaoneka ndi ntchito. Inde, koma kodi pakamwa panalakwanji? Paja amati kamba anga mwala, koma ukamugwira amasuntha miyendo. Ife timangokhala ngati mwala mpaka kalekale, osasuntha.

Lachinayi m'mawa ndinalimba mtima. Ndikuvala jekete, ndinayang'ana kukhoma n'kunena mwachangu kuti, "Ndapita, wokondedwa wanga."

Amake Tadala anasuzumira kuchokera kukhitchini, supuni ili m'manja.

"Mwati bwanji?"

"Mwamva."

"Sindinamve bwino, ketulo imasokosa. Bwerezani."

Tadala, yemwe wayamba kale kutiyankha m'Chingerezi, anakweza mutu pa mbale yake ya phala. "Mum, is Dad sick?"

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kumva bambo ake akunena mawu okoma kwa mayi ake, iye n'kuganiza za matenda. Ndinabwereza ndithu, mokweza, mpaka basi inandisiya.

Nanga inu a kwathu muli ku Wembley, ku Ilford ndi kwina konseku, mutayesa mawawa, kwanuko angakuthamangitsireni kuchipatala chiti?