Ndinagulitsa ng'ombe ya mlongo wanga kuti ndikonzetse pikapu

Ndinaba ng'ombe ya mlongo wanga. Ndikutchula kuba chifukwa dzina lina palibe. Ndinaigulitsa iye osadziwa, ndalama zake ndinakasiya ku galaja. Ine si munthu wa mawu ambiri, sukulu ndinalekera Sitandade 6. Koma inu owerenga, makamaka amene mukusirira galimoto zakale zokoka ndi matayala onse anayi, mverani zimene zinandionekera.

Ndimalima mbatata ya kachewere ku Tsangano. Nthawi ya mvula galimoto wamba sifika kuminda kwathu. Ogula amaima kumsika, ife tizivutika ndi ngolo, mtengo n'kumatchula okha. Chaka china ndinakolola bwino. Ndinamva kuti bambo wina pa boma akugulitsa pikapu yakale ya dizilo, ija yokhala ndi ndodo ziwiri za magiya, yaitali ndi yaifupi. Anandiyendetsa m'matope, inadutsa osatitimira. Mtengo unali wotsika. Sindinafunse chifukwa chake. Ndinagula.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina, a Lufeyo, kuti angoiona. Analowa kunsi kwake, atatuluka anayamba kutchula zofunika: oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa kabokosi kena kamene kamatumiza mphamvu kumatayala akutsogolo, wa madifu awiri amene amazunguza matayala, mafyuluta, girizi. Anati, "Bambo, iyi ili ndi mimba zambiri. Zonse zimafuna kudya, osati injini yokha." Sevisi imeneyo inkafanana ndi matumba anayi a mbatata, ndipo anati ndizibwera nayo pakapita miyezi ingapo. Ndinaganiza kuti akufuna kundidyera. Ndinachokapo.

Ndinayamba kuchita zanga. Oyilo ndinkagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, wongothira pamwamba, wakale osakhetsa. Fyuluta ya dizilo ndinkaitsuka ndi parafini n'kuibwezera. Dizilo ndinkagula wa m'zigubu wochokera kutsidya kwa malire, chifukwa anali wotchipa ndipo panalibe mzere. Tonse kuno timadziwa kuti ena amasakaniza ndi parafini, ndipo zigubu zina zimakhala ndi madzi pansi. Ndinkadziwa. Ndinkangoti ya ine ndi yolimba.

Miyezi isanu ndi itatu inayenda bwino. Maliro, odwala, zinkhoswe, onse ankabwera kwa ine. Kenako inayamba kutulutsa utsi woyera. M'mawa inkafuna yokankha. Tsiku lina, itasenza matumba, inazima pachitunda cha ku Biriwiri. Woikoka ndinamulipira. Mbatata ndinaigulitsa pomwepo motaya, kuopa kuti ingaole. A Lufeyo atatsegula anapeza kuti pampu ya dizilo yadyeka ndi madzi. Pa Ntcheu panalibe woikonza, inayenera kupita ku Blantyre. Ndinagulitsa ng'ombe zanga ziwiri. Ndinalibe zina.

Pikapu itatuluka ku galaja ndinati mavuto atha. Patapita mwezi ndi theka inayamba kukukuta kunsi. Apa panali umbuli wanga. Ndodo yaifupi ija ndinkaisiya pa matayala anayi masiku onse, ngakhale pamsewu wa phula. Ndinkayesa kuti ndiye mphamvu zake. Sindinkadziwa kuti imeneyo ndi ya m'matope ndi mumchenga, ukafika pouma umachotsa. Kabokosi kaja kanathyoka mano, difu yakutsogolo nayo inaonongeka. Zitsulo za galimoto yakale ngati imeneyi sizipezeka m'sitolo. A Lufeyo anaimba mafoni ku Lilongwe ndi ku Limbe, mpaka anapeza zochotsa ku galimoto ina imene inachita ngozi. Mtengo wake unaposa wa pampu ija.

M'khola munatsala ng'ombe imodzi, yaikazi, ya bere. Sinali yanga. Bambo athu anagula ng'ombe ndi ndalama za kumigodi ku Joni, ndipo atamwalira tinagawana. Mlongo wanga ndi mayi wamasiye, amakhala ku Manjawira ndi ana atatu. Alibe khola, ndiye yakeyo anaikiza kwa ine. Kwathu ng'ombe yoikiza saikhudza. Mkaka imwa, ndowe tenga, koma ngakhale itafa umaitana mwini wake adzaone chikopa. Iye ankadikira kuti ibereke, adzagulitse mwana wa ng'ombeyo, alipirire mtsikana wake woyamba ku sekondale. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino.

Ndinadziuza kuti ndikungobwereka, galimoto ikayamba kuyenda ndigula ina asanamve. Mkazi wanga anandiletsa. Ndinamuuza kuti za khola si zake. Ogula anabwera, anaitenga.

Pikapu inayenda milungu isanu. Kenako injini inayamba kugogoda. A Lufeyo anangomvetsera, n'kunena kuti oyilo uja wamaliza ntchito yake, tsopano ndi zophwasula injini yonse. Ndinalibenso chogulitsa. Tinaikokera kunyumba, tinaikhazika pamiyala.

Mlongo wanga anabwera mtsikana uja atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Anafika akusangalala. Asanalowe m'nyumba anapita kaye kukhola. Atabwerako anakhala pakhonde n'kundifunsa, "Achimwene, yafa?" Anapitiriza kuti, "Ngati yafa ndionetseni chikopa." Ndinamuuza zoona. Anayang'ana pikapu ija nthawi yaitali. Sanatukwane, sanalire. Anangoti, "Mukanandipempha, mwina ndikanakupatsani." Chakudya anakana. Anabwerera tsiku lomwelo.

Mtsikanayo malo ake a kusukulu anapita. Pano amagulitsa tomato pamsewu pamodzi ndi amayi ake. Ndikamadutsa pa minibasi ndimawerama.

Inu owerenga, galimoto yakale yokoka matayala anayi kugula n'kosavuta, chovuta n'kuisunga. Musanapereke ndalama, pitani nayo kwa makaniko, akuuzeni mtengo wa sevisi ndi wa chitsulo chilichonse chakunsi, ndiponso kumene chimapezeka. Ngati ya sevisi ikukukanikani, galimotoyo si yanu, isiyeni. Dizilo wa m'zigubu musamuthire. Chimene simukuchidziwa funsani, ndodo yaifupi ija inandidyera zambiri chifukwa cha manyazi ofunsa. Ikayamba kukudyerani ziweto, igulitseni ikadali ndi mtengo. Ndipo cha m'bale wanu chimene anakusungitsani, ngakhale zitavuta bwanji, pitani mukapemphe ndi pakamwa.

Chaka chino ndabwerera ku ngolo yobwereka. Pa zimene ndakolola ndagula kang'ombe kakakazi, kali m'khola, ndi ka mlongo wanga. Ndamutumizira uthenga kawiri kuti adzakaone. Sanayankhe.