Chitini Pambali pa Mbaula

Lero m'mawa mayi woyandikana nane kuno ku Msongwe wakolezera mbaula kabokosi koyera ka tchipisi. Fungo litangondipeza, ndanyamula mwana wanga n'kuthawira m'nyumba.

Fungo limeneli landikumbutsa zakale. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tikukhala ku Salisbury Lines, denga likudontha. Adada anatola zoyera zopepuka zija zimabwera m'katoni ya wailesi. Ankazinyema n'kuponya m'chitini cha petulo, izo n'kumasungunuka ngati shuga m'tiyi mpaka kusanduka phala lomatira malata. Kenako anapita kukabwereka makwerero.

"Usakhudze chitinicho," anatero.

Kunkazizira chomene, ndipo nditasuzumira ndinaona phala lija likulimba pamwamba. Mafuta odzola akalimba, amama ankawaika pambali pa mbaula. Nanenso ndinaika chitini pomwepo, kuti adada akabwera andiyamikire. Mng'ono wanga wakhanda anali mtulo pamphasa, pafupi.

Moto unangoti phuu! Utsi wakuda bii, madontho oyaka akugwera cha kumapazi kwa mwana.

"Fumapo!" anakuwa amama, kundiuza kuti ndichokepo.

Ananyamula chitini ndi manja n'kuchiponya m'matope panja. Phala lija linawakakamira m'zala likuyakabe. Anapukutira pachitenje, osachoka. Anaviika manja m'ndowa yolandirira madzi a denga.

"Vundukula mwanayo ndione mapazi. Ine sindingathe kumugwira."

Ndinavundukula shawelo, ili ndi timabowo takupsa. Amama anawerama pamwamba pake, manja akadali m'ndowa, n'kuyang'ana tizala timodzitimodzi. Mwana anangoyasamula, n'kupitiriza kugona.