Junta Imene Ndinamanga Lachisanu

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa, ngakhale kwa padiri, wansembe wathu, sindinapite nayo. Mdzukulu wanga anandipempha kuti ndilembe mmene tinkagwirira ntchito yaumakaniko kale, koma nkhani iliyonse imene ndayamba ikundibwezera pa iyi. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, choncho mundikhululukire pamene mawu apindika.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu kuchokera ku Malawi, ine, mkazi wanga ndi ana atatu, n'kudzafikira kwa mlamu wanga ku Lulimile, m'tauni ya Lichinga. Ndinali bambo wamkulu ndithu, koma ntchito yolembedwa ndinali ndisanagwirepo. Kumsasa wa othawa nkhondo ndinkangokonza njinga ndi kuthandiza madalaivala a malole injini ikawavuta. Mlamu wangayo ankadziwana ndi makaniko wina wa ku Chiuaula, dera lina la m'tauni momwemo, dzina lake Mestre Amisi, ndipo tsiku lina ananditengera kumeneko.

Ofisina yake, malo okonzerapo galimoto, inali shedi ya malata pansi pa mitengo ya paini, ndi dzenje lolowera kunsi kwa galimoto. Mestre anali Myao, wamfupi, wa kachipewa koyera, munthu wosakweza mawu. Anayang'ana manja anga, n'kundifunsa funso limodzi lokha, ngati ndimadziwa kuwerenga. Ndinaganiza za ana amene ndinawasiya akudya kwa eni ake, ndipo ndinati inde, ku Malawi ndinaphunzirako. Linali bodza. Ndinkangozindikira manambala a pa masipanala. Anandilemba ntchito tsiku lomwelo, n'kuyamba kunditchula Che Bernardo, mwa ulemu wa kwawo, ngakhale ntchito yanga inali yotsuka zitsulo m'beseni la dizilo. Bodza langalo ndinalisunga miyezi yambiri. Makatoni a zipangizo ndinkawaloweza mitundu, ndipo akandituma ndi kapepala ndinkangokapereka kwa mwini sitolo ngati ndili pa changu.

Galimoto zambiri za nthawi imeneyo zinali nkhalamba, ndipo matenda ake aakulu anali kutha madzi. Mestre sankalola kumasula chitsulo usanadziwe kumene madziwo akupita. Poyamba tinkayala katoni pansi pa injini kuti tione ngati pakudontha. Kenako kupapasa mapaipi a labala, kuyang'ana radiyadori, ndi kabowo ka pansi pa pampu ya madzi. Tikapanda kupeza, tinkasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa mkati. Za utsi woyera ankatichenjeza kuti ku Lichinga mwezi wa Juni galimoto iliyonse imatulutsa utsi woyera m'mawa, ngakhale munthu amautulutsa pakamwa, choncho udikire injini itenthe. Analinso ndi chida chake chopanga yekha: chivindikiro chakale cha radiyadori chimene anaboola n'kuikapo valavu ya chubu cha njinga. Ukapopa mpweya n'kumva ukuchepa wokha, penapake pali njira.

Chinthu chimodzi ankadana nacho. Madalaivala ambiri ankathira dzira kapena fodya wopera mu radiyadori kuti atseke podontha. Ine ndinaziona kambirimbiri ku Malawi. Mestre anati amene adzachite zimenezo pa ofisina yake atenge jekete lake azipita, chifukwa fodya sakonza kanthu, amangouza galimoto kuti ikafere kutali.

Galimoto ya nkhani yangayi inali pikapu yoyera ya petulo, ya Che Mbwana, wamalonda a nyemba ndi mbatatesi, amene ankapemphera mzikiti umodzi ndi Mestre. Anabwera akudandaula kuti ulendo uliwonse amathira chigubu cha madzi koma pansi saona dontho. Mestre anamuseka kuti galimoto yomwa chotere mwezi wa Ramadani aziitsekera m'nyumba, ingawachititse manyazi. Katoni inagona youma, oyilo anali bwino, koma titapopa mpweya unachepa. Titamasula mavela, amene ku Malawi amati mapulagi, atatu anali akuda monga mwa nthawi zonse, koma yachiwiri inali yoyera ngati yatsopano. Madzi ndi amene ankaitsuka. Che Mbwana anaopa kuti vuto lili pamutu wa injini, koma Mestre atayeza mphamvu ya masilinda anapeza kuti onse anayi ndi ofanana. Anati vuto lili pa koletori.

Koletori ndi chitsulo cha mapaipi anayi chimene chimatenga mpweya ndi petulo kuchokera ku kabureta kupita m'injini. Pa injini imeneyo munkadutsanso madzi otentha. Pakati pa koletori ndi mutu wa injini pamakhala junta, gasiketi ija, ndipo bowo la madzi ndi bowo la mpweya zimatalikirana ngati chala chimodzi. Junta ikaola pamenepo injini imamwa madzi ake omwe.

Lachinayi tinakhetsa madzi, kuchotsa kabureta ndi mapaipi, n'kumasula maparafuzo, mabawuti aja, asanu ndi atatu. Junta inalidi itadyeka pomwe Mestre ananena. Iye mwini anapala zotsalira ndi lezala, anaika rula yachitsulo pankhope ya koletori n'kuyang'ana kudzuwa ngati kuwala kukudutsa. Anaitembenuza uku ndi uku, nati chitsulo chili bwino, ingofunika junta yatsopano.

Lachisanu m'mawa anandituma kutauni kukafuna juntayo. Ndinaipeza pa sitolo yachitatu, dzuwa lili pamutu. Pobwera ndinapeza Mestre atapita ku mapemphero, ndipo woyandikana nafe anati akatuluka kumeneko apita kukazonda m'bale wawo wodwala, sabweranso. Pansi pa waipa ya pikapu panali chidutswa cha pepala la thumba la simenti, cholembedwa mizere inayi.

Ndinaima ndi pepalalo nthawi yaitali. Kutsidya kwa msewu kunali mayi wogulitsa mandasi amene ankadziwa kuwerenga. Koma ndinadziwa kuti pofika mawa Chiuaula yense akhala atamva kuti Che Bernardo sawerenga. Ndinapinda pepala n'kuika m'thumba. Ndinadziuza kuti kumanga n'kubwerera njira imene unamasulira, palibe chachilendo.

Ndinaika junta, n'kuyamba kumanga monga timamangira mpanda wa udzu: kuyambira mbali imodzi kupita ina, parafuzo iliyonse kuilimbitsa mpaka dzanja likane. Poopa kuti madzi angadonthenso, ndinalowetsa kapaipi ku sipanala kuti ndionjezere mphamvu. Pa parafuzo yachisanu ndi chiwiri ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda khoko louma la nyemba. Ndinamasula zonse. Koletori inali ya aluminiyamu, yosapirira ngati chitsulo cha njinga. Panali mng'alu wowonda ngati tsitsi, kuchokera pa bowo la madzi kukafika pa bowo la mpweya.

Koletori ina ya galimoto imeneyo mu Lichinga munalibe. Ndinapaka silikoni wofiira pamng'alupo, n'kumanganso. Kenako ndinapita kumsika, ndinagula fodya wopera wodzadza dzanja, n'kuthira mu radiyadori. Ndinaliza injini mpaka kutentha. Inayenda bwino, osatsokomola.

Loweruka m'mawa Mestre anapopa mpweya ndi chida chake chija, ndipo unakhazikika. Anazungulira nayo pikapu mpaka kumsika n'kubwera, nandimenya paphewa kuti dzanja langa layamba kukhwima. Tikulankhula choncho anafika Che Mbwana, maso ali ofiira. Amayi ake anali atamwalira mbandakucha kuchipatala. Ankafuna kukawaika kumudzi kwawo, ulendo wa maola atatu pa msewu wafumbi, ndipo mwa chipembedzo chawo maliro amayenera kulowa m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Uthenga unali utapita kale, anthu anali atayamba kukumba. Anauza Mestre kuti ngati galimoto sinathe anene poyera, pali lole ya msuweni wake imene angaipemphe isananyamuke.

"Ndaiyesa ndekha," anatero Mestre. "Pitani, mukafika."

Ine ndinali chiimire pambali pawo, kasanza kali m'manja. Ndikanangoti tengani lole, ngakhale osanena chifukwa. M'malo mwake ndinadzadza zigubu ziwiri za madzi n'kuziika kumbuyo kwa mpando, ndi kunena kuti n'zapanjira. Che Mbwana anandithokoza.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi koma sindinamve chimene chinalalikidwa. Masana ndinazembera ku ofisina, n'kupeza Mestre ali komweko. Chakumadzulo pikapu inafika ikukokedwa ndi thirakitala, Che Mbwana ali pachiwongolero, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anthu a mumsewu anasonkhana. Iye sanakalipe. Anafotokoza bwinobwino, ngati akupereka umboni. Anati atadutsa theka la njira, pa chitunda chachitali, injini inayamba kutsokomola, utsi woyera n'kutuluka kumbuyo. Anathira zigubu zonse ziwiri, inamwa n'kuzima. Maliro anakhala pa dzuwa, azimayi atagwira zitenje pamwamba kuti pakhale mthunzi. Msewu umenewo galimoto sizinkadutsa kawirikawiri. Imene inabwera dzuwa litapendeka inali lole ya makala. Anafika kumudzi kutada, manda anagona otsegula, ndipo anaika m'mawa mwake.

"Amayi anga akwera pa matumba a makala, Mestre," anatero. "Ndinakufunsani. Munati ndipite."

Mestre anayang'ana pansi. "Cholakwa n'changa, Che Mbwana. Palibenso wina."

Anthu atabalalika tinatsala awiri. Anandiitana, n'kundifunsa mofatsa ndithu, osati ngati wondikayikira.

"Che Bernardo, munamanga monga ndinalembera? Kuyambira pakati kupita kunja, mopingasa, kuzungulira katatu, dzanja lopepuka?"

Apo ndi pamene ndinamva koyamba zimene zinali pa pepala lija.

"Inde, Mestre."

Anagwedeza mutu, nakhala pa tayala lakale. Anati ngati zili choncho ndiye kuti koletori inali ndi mng'alu umene iye sanauone. Anatikita maso ake ndi zala, nati kwa miyezi ingapo wakhala akuona ngati pali utsi patsogolo pake, koma sankafuna kuvomera. Anandiuza kuti mawa ndilawirire ndimasule koletoriyo, iye ayamba wapita kunyumba kwa Che Mbwana kukapepesa, akabwera adzaione.

Ndinene kaye zimene zinatsatira m'zaka za pambuyo pake. Che Mbwana sanabwerenso, ndipo amalonda anzake a kumzikiti anayamba kupita ndi galimoto zawo kwina. Mestre anasiya kupemphera kumene anapemphera kuyambira ali mnyamata, n'kumayenda mtunda wautali kupita ku mzikiti wina. Sanavomerezenso chitsulo chilichonse asanandiitane kuti ndichione, n'kumauza makasitomala kuti maso a ofisina ino tsopano ndi Che Bernardo. Ndinagwira naye ntchito mpaka anamwalira. Ana anga anaphunzira sukulu ndi ntchito imeneyo. Pa maliro ake ndinathandiza kukumba.

Sukulu ya akulu ndinayamba iye atapita kale, kutchalitchi kwathu, ndikukhala pabenchi limodzi ndi azimayi obereka ana kumbuyo. Nditatsegula ofisina yangayanga, munthu aliyense wofuna ntchito sindinkamufunsa ngati amawerenga. Ndinkamupatsa katoni ya zipangizo kuti andiwerengere mokweza, tili awiri. Akalephera ndinkamulembabe ntchito, koma malangizo ndinkamuuza pakamwa, n'kumuuza abwereze. Koletori ya aluminiyamu umayambira pakati, mopingasa, katatu, ndipo kapaipi sukayandikitsa ku sipanala. Zimenezi ndaphunzitsa anthu ambiri, ndipo amandiyesa munthu wosamala. Palibe anafunsapo kuti ndinaziphunzira bwanji.

Lolemba lija ndinafika pa ofisina nkhungu isanachoke, zala zili zouma ndi chisanu. Ndinakhetsa madzi a mu radiyadori, n'kutsuka kangapo mpaka anatuluka oyera, ndipo pamene anagwera ndinakwirirapo dothi. Ndinamasula koletori, ndinapala silikoni yense ndi lezala. Mng'alu unali pomwepo, utakula pang'ono, ukuwala ngati supuni yatsopano. Makaniko aliyense amadziwa kuti mng'alu wowala ndi wa dzulo, wakale umakhala wakuda. Ndinatunga oyilo wakutha mu diramu, ndinasakaniza ndi mwaye wa m'paipi ya utsi, n'kutikita pamng'alupo ndi chala chachikulu. Ndinapukuta, ndinapakanso, mpaka unaoneka ngati wakhalapo zaka. Kenako ndinaika koletoriyo pa tebulo, mbali imene dzuwa limayamba kufika, kuti Mestre asavutike kuuona, ndipo ndinateleka madzi a tiyi wake.