Utoto Wabuluu pa Msana wa Achimwene

Achimwene anga ankagwira ganyu yopopera mankhwala m'dimba la tomato la bambo wina wabizinesi, kumunsi kwa mudzi wathu ku Kadewere. Mvula itayamba kusokonekera, mbozi zinachuluka, ndipo kupopera kunakhala kwa sabata ndi sabata. Akaweruka ankafika mutu ukuwawa, maso ali psuu, chakudya osachifuna. Tonse tinkati ndi dzuwa. Ine ndinkachapa zovala zawo kumtsinje, pamwala womwewo umene tinkatsukirapo mbale.

Chaka china m'chilimwe kunabwera amayi awiri ofufuza za umoyo wa alimi, limodzi ndi alangizi athu a zaulimi. Sanalankhule zambiri. Anathira madzi ndi utoto wabuluu wopanda poizoni m'masipuleya, anapatsa opopera onse malaya oyera, n'kuwauza kuti apopere monga amachitira masiku onse. Ife tinaima m'mbali mwa dimba tikuseka, poona anyamata a ganyu atavala ngati akupita kukwaya.

Atatha mizere ingapo, achimwene anatula sipuleya. Msana wonse unali wabuluu chifukwa chivindikiro chinkadontha. Utoto unali m'khosi, m'mikono, ngakhale pamilomo pamene ankapukuta thukuta. Palibe anasekanso.

Mmodzi wa amayiwo anafunsa amene amachapa zovala za achimwene. Nditadziwonetsa anandipatsa beseni la madzi kuti ndichapiremo malaya a achimwene aja, ndipo posakhalitsa madzi ndi manja anga omwe zinasintha mtundu.

"Madzi ngati amenewa mumataya kuti, achemwali?" anandifunsa.

Ndinaloza kumtsinje. Sanandikalipire. Anangofotokoza kuti mankhwala enieni amayenda chimodzimodzi, kungoti saoneka, ndipo amakafika kwa anthu akumunsi amene sanagwirepo sipuleya.

M'mawa mwake opopera onse anapita kwa mwini dimba atanyamula malaya aja, kukapempha zodzitetezera. Iye anawayankha kuti amene akuopa asiye ntchito, ofuna ganyu ndi ambiri. Achimwene, munthu wosakonda kulankhula, anati, "Bwana, amene mudzamulembeyo nayenso adzakhala ndi msana."

Tsiku limenelo mwini dimbayo sanavomere. Koma alangizi atamuonetsa kuti mankhwala ake ambiri ankathera pa anthu osati pa tomato, anakonzetsa masipuleya, kenako anagula magambutsi, magolovesi ndi zophimba kukamwa. Kupopera kunayamba kuchitika m'mamawa mphepo isanadzuke, ndiponso pokhapokha akayendera mbewu n'kupeza kuti mbozi zilipodi. Ife tinakumba dzenje lochapira kutali ndi mtsinje.

Si zonse zinakongola. Magolovesi akang'ambika, atsopano amachedwa, ndipo anyamatawo amayenera kukakumbutsa. Koma tsopano amapita pamodzi, akudziwa chimene akunena. Mutu wa achimwene unasiya kuvuta. Pano ali ndi kadimba kawo, ndipo pamizere ina akuyesa madzi a masamba a nimu kuti aone ngati angachepetse mankhwala a m'sitolo.