Feteleza Woyera wa Ba Kasoma

Ba Kasoma anasenza feteleza zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osadziwa ntchito ya zomwe zinali m'matumbamo. Anachoka ku Luwingu patangopita zaka zinayi dziko litalandira ufulu, napeza ntchito yopakira katundu m'malole ku indasitiriyo ku Lusaka. Ku komboni ya George tinkakhala khomo ndi khomo. Anali munthu wamtali, wosamwa, woimba kwaya, koma makani okhaokha. Ndinkawakonda, ndipo mpaka lero ndikawakumbuka ndimapsa mtima.

Mu 1985 msana unawakana, ntchito n'kutha. Powatsanzika, mabwana anawapatsa matumba atatu: awiri a D, wotuwa uja wothira pobzala, ndi limodzi la yureya, woyera ngati shuga. Masiku amenewo ufa unkasowa. Tinkafola pamzere kuyambira m'mawa n'kubwerako chimanjamanja. Akazi awo, Ba Hilda, ananena mosabisa kuti ana anayi sangadye nyimbo za kwaya, ndipo munda wawo wa ku Chunga, kunja kwa tauni, ukakanika awatenga kupita nawo kwa alongo awo ku Mufulira.

Ndiye abambowo anachita zawo. Matumba awiri a D aja anawasinthanitsa ndi yureya. Ankati wotuwayo ndi dothi chabe, mankhwala enieni ndi woyerayo, chifukwa ukathira chimanga chimabiriwira sabata isanathe. Amuna anga a Enos, amene anagwirapo ntchito pafamu ku Chisamba, anawakhazika pansi. Anawafotokozera kuti mu D muli fosiforasi, wokulitsa mizu ndi kukhwimitsa njere, komanso salifa, amene akasowa yureya sagwira bwino, ndiponso kuti zonsezi zimafunika kulowa m'nthaka tsiku lobzala.

"Ba Enos, kwatu timashoka chabe mitengo, tashanga," anatero Ba Kasoma, kunena zotentha mitengo n'kubzala osathira kanthu. "Kulibe vofaka pansi."

A Enos anawayankha kuti phulusa la mitengo yotenthayo ndilo D wa kwawoko, ndipo ku Chunga kulibe mtengo woti n'kutentha. Iwo anangoseka. Paja samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mvula chaka chimenecho inagwa bwino, palibe woinamizira. Koma chimanga chinamera chonyozoloka, masamba a m'munsi ofiirira m'mphepete, a kunsonga achikasu. Ba Kasoma anati chili ndi njala, nathira yureya. Patapita sabata ziwiri anathiranso. Cha mnansi wawo wakumunda, amene anatenga D uja, chinali m'chiuno, chawo chikukanika kufika m'mawondo.

Mu Januwale m'pamene mawu a phulusa aja anawalowa. Anayamba kuyenda nyumba ndi nyumba ndi ndowa, kupempha phulusa la pambaula, bambo wamkulu wolemekezeka kutchalitchi. Azimayi ena ankaseka akangotembenuka. Ine ndinkawasungira langa, ngakhale a Enos anandiuza kuti nthawi inapita kale, mizu siyambiranso. Ankalisenza pamutu mpaka ku Chunga ndi msana wakufa uja, nabwerako ali mbuu.

Anakolola thumba limodzi ndi theka. Zitsononkho zinali ngati chala, njere apa ndi apo.  Ba Hilda anagayitsa chimangacho, nagawa ufa pawiri, wina kuwasiyira amuna awo, namanga katundu. Ba Kasoma anawaperekeza kusitima atabereka kamwana kotsiriza, Nsama, kamene kanali kataonda kale.

Chaka chotsatira anagulitsa njinga n'kugula D. Anathira dzenje ndi dzenje ndi kachivindikiro ka botolo, monga anawaonetsera a Enos, yureya n'kubwera pambuyo pake chimanga chili m'mawondo. Munda womwewo unatulutsa matumba khumi ndi limodzi. Analembetsa kalata ku Mufulira kuti bwerani, chakudya chilipo. Yankho linachokera kwa alamu awo: Nsama anamwalira ndi chikuku mu Okutobala wapitayo, ndipo Hilda sakufuna kuonanso Lusaka.

Matumbawo anawasanja m'chipinda chomwe munkagona ana. Anthu ankabwera kudzagula, iwo n'kukana. Pofika Seputembala anankafumbwe ankamveka kukukuta munthu uli pakhomo. Ndinawalowera tsiku lina, ndinawauza mokalipa kuti agulitse kapena agayitse chisanasanduke fumbi, anthu akugona ndi njala m'komboni. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Amake Marjory, siyani," anatero. "Ni va bana."