Tsache la a Mbewe

Ndikakumbukira a Mbewe, chimayamba kundifikira ndi fungo la oyilo wakale losakanikirana ndi chinyezi cha m'shedi ya malata, kenako kulira kwa tsache pasimenti, pang'onopang'ono, ngati munthu akuopa kudzutsa wodwala. Sanali agogo anga enieni. Ankakhala khomo loyang'anizana ndi lathu m'mafulati a ku Romford, mu London, mkulu wa ku Zomba amene mphamvu zake zinathera m'galaja yokonzera mabasi, wopanda mkazi, wopanda mwana. Mayi anga, pokhala namwino, nthawi zambiri Loweruka ankakhala kuchipatala, ndiye ankandisiya m'manja mwa mkuluyu. Ndinali ndangofika kumene kuchokera kumudzi, kuzizira kukundilizabe.

Anzanga akusukulu Loweruka ankapita kumpira. Ine ndinkapita kokasesa. Tinkakwera basi mpaka pomwe imathera, n'kuyenda m'matope kukafika pabwalo lakale la ndege zankhondo, pomwe panatsala shedi imodzi yokha. M'menemo munali chindege chonyamula asilikali cha pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, chomwe ankachitcha Dakota, mapiko atachotsedwa n'kugonekedwa pambali, matayala ataphwa, nkhunda zitamanga zisa kumchira. Madala achizungu angapo ankachikonza mongodzipereka, ngakhale kunena zoona tiyi ndi amene ankayenda kwambiri kuposa sipanala. Wamkulu wawo anali a Derek, wamfupi, wosamva bwino, amene chaka chilichonse ankalumbira kuti chaka chamawa ndegeyo iuluka.

A Mbewe ankadziwa injini, ndipo madalawo ankawanyengerera kuti agwireko, koma iwo ankangopukusa mutu. Pakhomo ankavula chipewa, kaya kuzizire bwanji. Ankamasula tsache lawo lakumudzi lomwe ankalikulunga m'pepala lapulasitiki, lomwe linkandichititsa manyazi m'basi, n'kuwerama kusesa pansi pa ndegeyo kuyambira kumutu mpaka kumchira, kuchotsa zitosi za nkhunda, nthenga ndi tizidutswa ta dzimbiri. Akamaliza ankaimirira duu, milomo ikugwedera. Ine ndinkangoti ndi ukalamba.

Tsiku lina, nditatopa ndi kukhala, ndinatambasula dzanja n'kuloza ndegeyo, kufunsa ngati chinthu chotere chinaulukapodi. Khofi linagwera padzanja langa ndisanamalize n'komwe.

"Iwe Tadala, saloza ndi chala," anatero, osakweza mawu.

Ndinatupa. Anali asanandimenyepo chiyambire, ndipo m'basi ndinakhala choyang'ana pawindo, nditawafulatira. Ndi mmenemo, tili pampando wakumbuyo, pomwe anandiuza nkhani yawo. Bambo awo anali msilikali, ndipo anatengedwa kupita kunkhondo ku Burma iwo ali kumsana. Mnzawo wa kunkhondo amene anabwerako anafotokoza kuti bambowo anavulala pamimba, anawanyamula pamachira n'kuwalowetsa m'ndege yonga yomweyo, chitseko n'kutsekedwa. Kuchokera apo palibe anamvanso za iwo. Amalume a kumudzi anafuna kuika thunthu la nthochi m'manda, monga amachitira munthu akafera kutali mtembo osapezeka, kuti ana adzakhale ndi pokasesa. Mayi awo anakana kwamtuwagalu. Ankati ndege inawatenga, ndege idzawabweza. Mpaka kukalamba, akamva ndege ankasiya khasu n'kuyang'ana kumwamba, ndipo anamwalira manda a mwamuna wawo kulibe.

Pamenepo ndinakumbukira zomwe ndinaphunzira kumudzi, kuti manda saloza ndi chala. Manyazi anandigwira, ndipo Loweruka lotsatira tsache ndinanyamula ndine, poyera, osalibisa.

Uthenga woipa unabwera nthawi ya mvula yowaza yosatha ija. Malowo anali atagulitsidwa kuti pamangidwe mafulati. Akatswiri atayang'ana ndegeyo anapeza kuti dzimbiri ladya chitsulo chachikulu chogwira mapiko, moti panalibe nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe inkaifuna yonse. Ina ya kumpoto inavomera kutenga mutu wokha. Thupi lonse linali loti lidulidwe. A Mbewe anayenda m'maofesi atavala tayi, anapempha kutchalitchi kwathu, anafika mpaka kwa anzawo akale akugalaja kufunsa ngati kuli malo, koma ndani angasunge ndege kuseri kwa nyumba mu London?

A Derek anali atamva nkhani ya bambo aja kwa mayi anga, ndipo anaganiza zowapepuza mtima. Anawatengera pambali n'kuwauza mokuwa, monga amachitira anthu osamva bwino, kuti asadandaule kwambiri, chifukwa ndege imeneyi ku Burma sinafikeko. Moyo wake wonse inaulukira ku Ulaya konkuno, kenako n'kumanyamula katundu wamalonda. A Mbewe anawathokoza mwaulemu. A Derek atachoka, anatembenukira kwa ine.

"Ndinkadziwa kalekale," anatero. "Kodi thunthu la nthochi limakhala munthu? Timangofuna pogwada."

Tsiku loidula anavala suti yakuda. Tinaima kunja kwa mpanda wawaya, mvula ikutilowa m'khosi, iwo chipewa chili m'manja, makina akulira mopyoza m'makutu pamene ankacheka mimba ya ndegeyo, utsi wa chitsulo chopsa ukutipeza pomwe tinali. Nkhunda zinkangozungulira denga. Ine ndinalira. Iwo sanagwetse msozi, anangondigwira paphewa, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanangolira. Chakumapeto a Derek anabwera ali chinyowere, atagwira mphete yachitsulo yomwe anamasula m'kati, pomwe ankakolekapo malamba a machira. A Mbewe anailandira ndi manja awiri, atapinda mawondo pang'ono.

Kuchokera tsiku limenelo anayamba kufota. Loweruka ankangokhala pawindo, tiyi n'kuzizirira m'kapu, tsache lili kuseri kwa chitseko. Ndinkayesa kuwaseketsa kuti tipite tikasese pasiteshoni, iwo n'kumwetulira pang'ono pofuna kungondisangalatsa. Atamwalira, kumudzi kunalibe wowalandira, choncho anthu akutchalitchi anawaika konkuno. Bokosi lisanatsekedwe, mayi anga analowetsa mphete ija m'thumba la jekete yawo.

Pomwe panali shedi lero pali mafulati ataliatali okhala ndi malo oimikapo magalimoto, ndipo okhalamo sadziwa kanthu. Tsache ndinatenga ndine. Latha, latsala lalifupi moti ndimasesa chogwada, koma sindinagule lina. Masamba akayamba kugwa ndimakwera nalo basi kupita kumanda, anthu akundiyang'ana monga ankatiyang'anira kale. Pamwala palembedwa dzina limodzi, koma ndikafika ndimapereka moni kwa anthu awiri.