Mizere Itatu ya Matumba pa Nkope

Chaka cha 2012, ndili ndi zaka makumi asanu, ndinagulitsa bwato n'kukwera basi ya ku Joni. Chambo chinali chitasowa pa Nkope. Mwamuna sakhala pansi n'kumayang'ana khoka louma.

Ndinakathera ku Durban, komanga makoma ochirikiza dothi la m'mapiri kuti lisagwere nyumba za anthu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma Chingerezi cha pantchito ndinachigwira. Kapitawo wathu ankamenya khoma ndi chikhatho n'kunena kuti, "It must hold back the hill." Hold back ndiye kugwira chinthu kuti chisapite kumene chikufuna. Amatero pa dothi, pa galu wolusa, pa misozi. Tinkagona ambiri m'chipinda chimodzi, koma wocheza naye ndinalibe. Ndalama ndinkatumiza. Nyumba ya njerwa zowotcha inamangidwa ine kulibe, ndinkangoiona pa foni.

Chaka chatha nyanja inayamba kukwera. Mkazi wanga, Abiti Saidi, anaimba foni.

"Bambo, madzi afika pamitengo ya mango. Achimwene akuti tisamukire kwawo ku Namwera."

"Palibe wochoka. Manda a bambo anga ali pomwepo. Yusufu aunjike matumba a mchenga, mizere itatu."

Yusufu, mwana wathu, analanda foni. "Baba, iyi ndi nyanja, si phiri lanulo. Dzulo ng'ona yagwira mbuzi kuseri kwa bafa."

"Ndanena."

Lachisanu lililonse ndikachoka kumzikiti ndinkamuimbira mkazi wanga. "Muli pomwepo?"

"Tili pomwepo."

Koma mafunde amene ndinkawamva kumbuyo kwa mawu ake anali atasiya kumveka. Kenako foni inasiya kulowa. Ndinasiya ntchito, ndinakwera basi.

Pa Nkope madzi ndinawapeza m'mawindo. Matumba analipo, mizere itatu monga ndinalamulira, pansi pa madzi. Ndinaitana mkazi wanga. Ndinaitana Yusufu. Zii. Ndinapitiriza kuitana, mpaka msodzi wina wodutsa pa bwato anakuwa kuti, "Amenewo ali ku Namwera! Anachoka kalekale, mvula isanathe!"

Ku Namwera mkazi wanga ndinamupeza akutonola chimanga. Foni inali itawonongeka, basi.

"Munandinamiza," ndinatero.

"Eee. Tikanakuuzani mukanatibweza m'madzi muja. Khalani pansi, mwayenda."

Ndinakhala.

Zotayika ndi izi: nyumba imodzi imene sindinagonemo, mitengo inayi ya mango, mbuzi imodzi, manda a bambo. Munthu ayi. Ndiponso pakhomo panga palibe amene amandifunsa asanachite kanthu.